Khushoni yopeta pamanja: ndigulitse zingati?

Nachisale wa ku Chilomoni:
Mwaswera bwanji amayi ndi abambo a pagulu pano. Funso langa likupita kwa amene mumapeta. Ndangomaliza khushoni ya needlepoint, yopeta paliponse osasiya malo, masentimita 40 mbali zonse, maluwa ofiira pakati pa ulusi wakuda. Mayi wina wa kuntchito kwa alamu anga waiona pa WhatsApp ndipo akuti andipatsa K20,000, komanso akufuna zina zitatu zofanana nayo kuti zikwane pa sofa. Mtima wina ukuti vomera, ndi oda yako yoyamba. Mtima wina ukukana. Anzanga mumatchaja bwanji?

Abiti a ku Ndirande:
Iii koma ndi yokongola asisi. K20,000 ndi ndalamatu masiku ano. Landirani musanamuthawitse kasitomala.

Make Yamikani, Bangwe:
Musavomere kaye. Kanvasi yake ndi ya mabowo angati pa inchi?

Nachisale wa ku Chilomoni:
Ya 10. Ndinaipeza pa kaunjika ku Limbe, inali m'kapaketi pamodzi ndi ulusi wake wa wulu, singano ndi chithunzi chake. Mwini wake kunjako anangoyamba pakona n'kuisiya.

Nagama:
Ndiye tiyeni tiwerengetsere limodzi, poti ine ntchito yanga ndi manambala. Masentimita 40 ndi mainchi pafupifupi 16. Pa kanvasi ya 10, mzere umodzi uli ndi masitichi 160, ndipo mizereyo ilinso 160. Tikachulukitsa tikupeza masitichi 25,600. Tiyerekeze kuti dzanja lanu ndi lachangu, mukupeta masitichi 400 pa ola osadzuka kukayang'ana ndiwo pamoto. Amenewo ndi maola 64, kapena kuti masiku 8 a munthu wolowa ntchito m'mawa n'kuweruka madzulo.

Mu 2024 boma linaika malipiro otsikitsitsa pa K90,000 pamwezi, zomwe ndi K3,460 ndi kanthu patsiku. Masiku 8 akukwana pafupifupi K27,700. Amenewo ndi malipiro a munthu wolandira zochepetsetsa m'dziko muno, pa mitengo ya 2024, ndipo tonse tikudziwa pamene sopo ndi shuga zafika kuchokera nthawi imeneyo. Sindinaikepo ulusi, kanvasi, nsalu ya kumbuyo, zipi, telala, ngakhale ya minibasi yopitira ku Limbe. Mukalandira K20,000 ndiye kuti inu ndi amene mukuwalipira mayiwo kuti akhale ndi khushoni.

Abiti a ku Ndirande:
Kkkkk a Nagama mwatitsegula m'maso mopweteka. Koma ndani mu Blantyre muno angagule khushoni imodzi pa K60,000? Kunena zoona.

Nagama:
Limenelo ndi funso lina achemwali, ndipo ndi lofunika. Ine ndangoonetsa kuti mtengowo sukukwana.

Make Yamikani, Bangwe:
Palinso vuto limene simunalione. Akuti zitatu zofanana. Ulusi wa m'kapaketi watha kapena watsala wochepa, eti? Wofiira wofanana ndendende ndi umenewo muupeza kuti? Wulu ngakhale wa kampani imodzi, nambala imodzi, ukakhala wonyikidwa mu utoto nthawi zosiyana umasiyana pang'ono, ndipo pa sofa makhushoni akagundana kusiyanako kumaonekera patali. Kanvasi ya 10 nayonso si ya kungolowa m'shopu n'kugula ngati zipi. Mukalonjeza, mugwira njakata.

Nachisale wa ku Chilomoni:
Watsala wakuda wokha, wochepanso. Zimenezo sindinaziganizire.

Agogo a Tadala:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mwanawe Nachisale, choyamba ndikuyamikire. Ndakulitsa chithunzicho pafoni ya mdzukulu wanga, masitichi ako onse apendekekera mbali imodzi, ndipo ulusi sunakoke kwambiri. Dzanja lilipo.

Koma ndaonanso kuti khushoniyo yapotoka pang'ono, ngodya ya kumanja yakwera. Zimenezo zimachitika ukamapeta mzere ndi mzere, sitichi imene amaitcha continental. Ulusi wa kumbuyo umakokera kanvasi mbali imodzi nthawi zonse. Pa malo aakulu ngati akuda aja phunzira basketweave. Umayambira pakona ya kumanja chakumwamba, n'kumayenda mopingasa, kutsika kenako kukwera. Ukatembenuza, kumbuyo kumaoneka ngati malukidwe a lichero, ndipo poti ulusi ukukoka uku ndi uku, nsalu imakhala yowongoka. Imadya ulusi wambiri kuposa half cross, sitichi yosiya kumbuyo kopyapyala, koma ya pa mpando, pamene anthu azitsamira tsiku ndi tsiku, imafuna kumbuyo kokhuthala. Half cross isungire za pakhoma.

Yapotoka kaleyo usadandaule nayo. Usanaipereke kwa telala, jambula bokosi la masentimita 40 pa thabwa, unyowetse nsaluyo pang'ono ndi madzi ozizira, osaiviika ayi, uikoke mpaka ngodya zigwirizane ndi bokosi lija, n'kuikhomera ndi timisomali tosachita dzimbiri, nkhope yake itayang'ana pansi. Isiye iume yokha pamthunzi. Nthawi ya chiperoni, mu June ndi July muja, imatha masiku isanaume, ndiye osaichotsa msanga, ibwerera mwakale.

Tsopano za malondazo. Ife tinaphunzira singano ku pulayimale, atsikana tonse, phunziro la Needlecraft, kenako kwa amayi a Mvano. Nthawi ya CCAM (Chitukuko Cha Amayi m'Malawi) m'ma 1980 amayi tinkapeta nsalu za patebulo ndi zidoilo, zina n'kukaonetsa pa zionetsero. Koma sindinaonepo mayi amene anamanga nyumba ndi kupeta kokha. Ine ndimapeta kuti mutu upume. Bambo a kunyumba atatisiya, chimene chinkandigoneka tulo ndi singano imeneyi. Ukaika mtengo pa chinthu chotere, umayamba kupeta ukuyang'ana wotchi, ndipo kukoma kwake kumatha. Khushoniyo upatse mayi ako pa 15 October, Tsiku la Anakubala.

Nachisale wa ku Chilomoni:
Zikomo kwambiri agogo, za basketweave ndazilemba. Koma kunena mosabisa ndalamayo ndikuifuna. Ndinamaliza sukulu, ntchito sikupezeka.

Make Yamikani, Bangwe:
Agogo, ndi ulemu wonse, apa ndisiyana nanu pang'ono. Nyumba sindinamange, koma fizi ya ana awiri ndi ndiwo za pakhomo zimachokera mu singano. Chinsinsi n'chakuti sindigulitsa zimene ndimakonda kupeta, ndimapeta zimene zimagulika.

Asisi a ku Chilomoni, mverani. Khushoni yopeta paliponse si ya msika wathu uno. Ine ndimapeta kachidutswa ka pakati kokha, masentimita 10 mbali zonse, kwinako n'kuzunguliza chitenje chabwino kapena nsalu yolimba ya mtundu umodzi. A Nagama atiwerengere.

Nagama:
Masentimita 10 ndi mainchi 4. Masitichi 40 kuchulukitsa ndi 40, akukwana 1,600. Pa liwiro lomwe lija ndi maola 4. Ndiye kuti nthawi ya khushoni imodzi ya Nachisale ikutulutsa tizidutswa 16.

Make Yamikani, Bangwe:
Mwaonatu. Ndipo kasitomala akaona amati ndi khushoni yopeta pamanja, zomwe ndi zoona. Sawerenga masitichi. Amaona chambo chili pakati, mitundu ikugwirizana ndi makatani ake, basi.

Zimene zimayenda kwa ine ndi za dzina. Dzina la mwana wobadwa kumene ndi tsiku lake, m'kafelemu. Mayina a akwati ndi tsiku la ukwati, anthu amakapereka pa chinkhoswe kapena pa bridal shower. Vesi la pakhoma. "Takulandirani" wa pabalaza. Chinthu cha dzina munthu sangakachipeze m'shopu ya ku Chichiri kapena kwa amwenye ku Limbe, ndiye sakuyerekeza mtengo wako ndi wa katundu wa ku China. Zimenezi ndimapeta cross stitch, masitichi opingasana ngati X, pa nsalu ya timabowo yotchedwa Aida, ya mabowo 14 pa inchi, ndipo malo opanda chithunzi amangokhala choncho osapeta. Pa needlepoint umayenera kudzaza bowo lililonse, n'chifukwa chake imadya nthawi.

Malamulo anga ndi awiri. Theka la ndalama lilowe kaye pa Airtel Money kapena Mpamba, singano isanalowe mu nsalu. Ndipo dzina alilembe yekha kasitomala pa WhatsApp, ine ndijambule pa pepala, ndimutumizire, avomereze. Mayi wina anandiuza dzina pafoni, nditamaliza akuti mwana wake amalemba ndi R osati L. Dzina la mwana wa eni ungagulitse kwa ndani? Poti dipoziti inali italowa, tinagawana kuluzako.

Abiti a ku Ndirande:
Za dipoziti zo ndi zoona. Achibale ndiye oyamba kunena kuti "ndikupatsa kumapeto kwa mwezi." Mwezi wake sautchula.

Che Telala, Limbe:
Amayi, mundilole ndilankhule monga munthu wa makina. Ine ndili ndi makina opeta a kompyuta. Baji ya sukulu ya masitichi masauzande angapo imatha m'mphindi zochepa, ine ndikumwa tiyi. Dzina pa thawulo, chimodzimodzi. Makasitomala ambiri amene ndimawaona safuna kudziwa kuti chapetedwa ndi dzanja kapena ndi makina, amafunsa mtengo ndi tsiku lotenga. Sindikunyoza luso lanu, koma mukulimbana ndi chinthu chosatopa.

Make Yamikani, Bangwe:
Achimwene, mabaji ndi mayunifolomu ndi anu, sitikukanganirani. Ine munthu akabwera ndi magolofu 50 a kwaya ndimamulozera kwa anthu ngati inu. Koma makina anuwo sapeta wulu wokhuthala pa kanvasi. Ndipo magetsi akazima inu mumakhala pakhonde, ine ndimapitiriza.

Che Telala, Limbe:
Kkkkk pamenepo mwandigwira. Komabe makhushoni anuwo amadzera kwa ife kudzaika zipi. Ndipemphe chinthu chimodzi kwa nonse: muzisiya kanvasi yosapeta ya masentimita 4 kapena 5 m'mbali monse. Ena mumadula mpaka pa ulusi, ndiye ine ndisoka pati? Komanso m'mphepete muzimata tepi musanayambe, kanvasi imayoyoka.

Mlonda wa Usiku:
Ndalowa mochedwa. Kodi abambo tikuloledwa kuyankhapo?

Admin:
Gulu ndi la aliyense wogwira singano, bambo. Lankhulani.

Mlonda wa Usiku:
Ine ndimalondera pa kampani ina ku Makata. Usiku ndi wautali, ndipo ukangokhala tulo timakuba. Anandiphunzitsa ndi mlongo wanga. Ndimapeta pa kanvasi ya pulasitiki ya mabowo 7 pa inchi, ndi ulusi wamba wolukira majuzi. Siipotoka, siifuna felemu, ukhoza kuidula ndi sizasi mmene ukufunira. Ndimapanga toikapo matambula, mabokosi a tishu ndi tomangirira makiyi. Anzanga poyamba ankandiseka kuti ntchito ya amayi. Pano omwewo ndi amene amandipatsa maoda, ofiira ndi oyera a Maule, abuluu ndi oyera a Manoma. Sabata ya derby pa Kamuzu Stadium sindigona ndi katundu.

Abiti a ku Ndirande:
Abuluuwo mumawagulitsa motchipa eti? Poti ndi a anthu olira kkkkk

Mlonda wa Usiku:
Mayi, ine ndine wa pa Lali Lubani, samalani. A Bullets ndimawaonjezera K500 ya chipongwe.

Nagama:
Kuseka tiseke, koma bambo a ku Makata, mitundu yokha palibe angakuletseni. Chizindikiro cha timu chenichenicho chili ndi eni ake, mukayamba kupanga zambiri zogulitsa mukhoza kufunsidwa. N'chimodzimodzi mapatani a pa intaneti. Ambiri amene amagulitsidwa amalembedwa kuti ndi opetera za pakhomo pako, osati za malonda, ndipo kujambula patani ya munthu n'kumaigawa pagulu ngati lino ndi kumubera. Kuno nkhani za umwini wa luso zimayang'aniridwa ndi bungwe la COSOMA. Mbendera ya dziko nayo ili ndi lamulo lake loiteteza, siyongoika pa katundu wamalonda popanda chilolezo.

Agogo a Tadala:
Nanga mapatani a eni tikuwafuniranji? Tengani kope la masamu la timabokosi, kabokosi kamodzi ndi sitichi imodzi, mujambule nokha ndi mapensulo a mitundu. Tulukani panja muone. Ndirande uyo, Soche uyo, Michiru uyo. Ine ndinajambula tchalitchi cha St Michael and All Angels cha pa HHI, chija anamanga a David Clement Scott ndi anthu a kuno kuyambira 1888 mpaka 1891, njerwa zake zoumba pomwepo. Njerwa zimagwirizana bwino ndi timabokosi, ndipo ndinagwiritsa ntchito mitundu inayi ya ulusi wofiirira kuti khoma lisaoneke lathyathyathya. Zovuta ndi zozungulira, monga madenga a nsanja aja. Pamenepo umafunika kanvasi ya mabowo ambiri, 14 kapena 18, apo ayi chozungulira chimatuluka ngati masitepe.

Anthu atopa nazo nyumba za chipale chofewa ndi agwape a ku Ulaya pa makoma athu. Mdzukulu wanga wa ku Ireland anandipempha phiri la Mulanje ndi minda ya tiyi m'munsi mwake. Akuti anzake a ku Malawi kumeneko aliyense akufuna lake.

Make Yamikani, Bangwe:
Agogo mwayamba kulankhula ngati wabizinesi tsopano kkkk. Amenewo ndiwo makasitomala a khushoni yathunthu ija. A Malawi okhala kunja, alendo ogona m'malo ogona alendo, anthu amene amakaona zojambula ku Mandala House. Iwowo amadziwa kuti cha pamanja n'chodula. Koma ndi ochepa, ndipo sabwera mwezi uliwonse. Ndiye yaikuluyo peta imodzi, ikhale yoonetsera luso, uitchule mtengo wake weniweni osachita manyazi. Ikagulidwa, mwayi. Za tsiku ndi tsiku zikhale zing'onozing'ono.

Agogo a Tadala:
Mdzukuluyo sindinamulipiritse, mwanawe. Anzakewo ndawauza kuti maso anga ndi a mdzukulu mmodzi.

Nachisale wa ku Chilomoni:
Ndawayankha mayi aja. Ndawauza kuti yathunthuyo siitsika pa K65,000 ndipo zofanana nayo sizingapezeke, koma ndikhoza kuwapangira zinayi za duwa pakati ndi chitenje m'mbali. Ayankha kuti "mwayamba kudula ngati muli ku Sunnyside." Kenako afunsa kuti zachitenjezo ndi zingati. Ndiwatumizira mtengo mawa ndikafunsa telala.

Make Yamikani, Bangwe:
Akafunsa kachiwiri ndiye kuti akufuna. Muwatengere zitenje ziwiri kapena zitatu asankhe okha, koma musagule dipoziti isanalowe. Ndipo chitenjecho muchichape kaye musanadule, china chimafupika ndi kutuluka utoto.

Nambewe, Zingwangwa:
Pepani ndikubwezeni m'mbuyo. Ine ndikufuna kuyamba kumene. Zipangizozi mumazipeza kuti? Ndazungulira mashopu a nsalu ku Limbe, ulusi wopetera ulipo wambiri, koma kanvasi ndikafunsa amandionetsa ya matenti.

Abiti a ku Ndirande:
Kkkkk inenso anandionetsa yomweyo, yobiriwira ya pa lole.

Make Yamikani, Bangwe:
Muzinyamula kachidutswa m'chikwama kapena chithunzi pafoni, dzina lokha silithandiza. Aida imapezeka mwa apo ndi apo. Kanvasi yeniyeni ya needlepoint ine ndimatumiza amayi a geni opita ku Johannesburg. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinalumpha, ndipo ndalama zakunja zikasowa amayiwo amachepetsa maulendo. Ndiye ukaipeza umagula yokwanira miyezi ingapo.

Ulusi wa thonje wodziwika ndi DMC wa ku France ndi Anchor. Kamtolo ka DMC ndi mamita 8, ndipo ulusi wake ndi wa timinyutu 6 tomwe umalekanitsa. Pa Aida ya 14 umatenga tiwiri. Ubwino wake ndi manambala: 310 ndi wakuda, 321 ndi wofiira, 699 ndi wobiriwira, ndiye ukatuma munthu umangomulembera nambala, osati "wofiira wa ngati tomato." Koma chenjerani, pamsika pali wambiri wokhala ndi kapepala kofanana, wotchipa, wosawala bwino. Sindikuti musagule, inenso ndimagwiritsa ntchito pa tinthu tosachapidwa. Koma uyeseni kaye. Dulani kachidutswa, munyowetse, mukafinyire pa nsalu yoyera. Wofiira ndi wakuda ndiwo amakonda kutuluka. Nsalu ya patebulo yoyera ikathimbirira pa kuchapa koyamba, kasitomala ameneyo mwamutaya pamodzi ndi anzake onse a ku tchalitchi.

Agogo a Tadala:
Nambewe mwanawe, usadikire za ku Johannesburg kuti uyambe. Pita pa kaunjika, usankhe majuzi a wulu oluka ndi ulusi wokhuthala, amene misoko yake ndi yolumikiza osati yodula ndi makina. Ukamasula msoko ulusi umatuluka wautali. Umakhala wopiringizika, ndiye uukulunge pa nsana wa mpando, uumange, uuviike m'madzi ofunda, uupachike ndi kanthu kolemera pang'ono kumunsi. Ukauma wawongoka. Juzi imodzi ya munthu wamkulu imakupatsa ulusi wodzaza malo aakulu, wa mtundu umodzi, nkhani ya kusiyana utoto ija palibe.

Pophunzirira, chiguduli chimakwana. Mabowo ake si ofanana bwinobwino, ndiye sungapetepo nkhope ya munthu, koma mizere ndi madayamondi zimatheka. Pali kapetedwe kena kotchedwa Bargello, dzina lake linachokera ku nyumba ina yosungiramo zakale ku Florence, ku Italy. Masitichi ake ndi oimirira, amodzi amalumpha mabowo anayi, ndipo amakwera ndi kutsika ngati malawi a moto. Ukalondola mzere woyamba, inayo umangotsatira, kusintha mtundu wokha. Imathamanga kwambiri kuposa sitichi yaing'ono ija. Amene mukufuna khushoni yathunthu yosadya mwezi, njira ndi imeneyo.

Singano ikhale yobuntha kunsonga, ya diso lalitali, imene amaitcha tapestry. Nambala ikamakwera singano imachepa: 18 pa kanvasi ya 10, 20 pa ya 12 kapena 14, 24 pa Aida. Yakuthwa imabaya ulusi wa kanvasi ndi chala chomwe. Ulusi usapitirire kuchokera ku chala kufika pa chigongono, ukatalika umatha mphamvu ndi kukhuzika m'mabowo. Mfundo kumbuyo ayi, mchira umaubisa pansi pa masitichi.

Nagama:
Bargello yo yandisangalatsa. Ngati sitichi imodzi ikutseka mabowo anayi, masitichi 25,600 aja akutsika kufika pa 6,400. Agogo, bwanji simunanene poyamba?

Agogo a Tadala:
Simunandifunse, munali kalikiliki ndi malipiro a boma. Koma musaiike pa mpando wa ana kapena pamene pali mphaka, masitichi aatali amakoka ndi zikhadabo.

Nambewe, Zingwangwa:
Zikomo agogo. Nanga maso? Amayi anga akuti ndidzafa khungu.

Agogo a Tadala:
Khungu ayi, koma amatopa, ndipo mutu umawawa. Peta masana pakhonde. Ulusi wakuda usaupete usiku, ndipo uyale nsalu yoyera pamiyendo kuti mabowo aoneke. Pakapita kanthawi dzutsa mutu uyang'ane kutali. Ukayamba kutalikitsa nsalu kuti uone bwino, pita akakuyeze maso, magalasi owerengera si manyazi.

Mlonda wa Usiku:
Ine ndimagwiritsa ntchito tochi ya pamutu yotchaja. Ya mabowo 7 imaoneka ngakhale kuwala kuli kochepa.

Abiti a ku Ndirande:
Funso lina. Za Trade Fair ku Chichiri, alipo anayesapo? Ndimaona amayi a zoluka ndi a fakitale ya ku Bangwe ya MACODA, bungwe la anthu aulumali limene kale linkatchedwa MACOHA, amakhala ndi katundu wawo pa zionetsero zotere.

Make Yamikani, Bangwe:
Chionetsero chija amakonza ndi a MCCCI, bungwe la amalonda ndi mafakitale, ndipo malo ake ndi olipira. Munthu mmodzi wa timafelemu khumi sangabweze ndalamayo. Mukapita muzipita ngati gulu, tebulo limodzi anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense ndi katundu wake ndi kapepala ka nambala yake. Phindu lake lenileni si zimene wagulitsa pa tsikulo, ndi maoda amene amabwera pambuyo. Koma kwa ine msika waukulu ukadali WhatsApp ndi Facebook, ndi amayi a ku banki m'khonde kwathu. Chithunzi muzijambula panja m'mawa, pa nsalu yoyera, osati pabedi usiku ndi fulashi. Ndipo nyengo muziidziwa: za Tsiku la Anakubala ndimayamba mu August, za Khirisimasi mu October. Ukalandira oda ya dzina pa 10 October, ukhala ukupeta mpaka nkhuku kulira.

Che Telala, Limbe:
Ndipo kwa telala muzibwera nthawi ilipo. December aliyense amafuna zake dzulo.

Nachisale wa ku Chilomoni:
Make Yamikani, mayi amene mumawatuma ku Johannesburg aja anyamuka liti? Mwina tisonkherane, tigule kanvasi yambiri kamodzi n'kugawana.

Make Yamikani, Bangwe:
Akuti kumapeto kwa mwezi uno. Akhoza kutitengera, koma amafuna ndalama yonse asananyamuke, kuphatikizapo yawo ya katundu. Kanvasi amagulitsa pa mita, ndiye tigwirizane mtundu umodzi kuti tisawasokoneze.

Admin:
Chabwino. Amene mukufuna lembani dzina ndi kukula kwa chidutswa chimene mukufuna pofika Lachisanu. Ndalama musatumize kwa munthu aliyense payekha, tidzalengeza pano mtengo ukadziwika, ndipo risiti idzaikidwa pagulu. Kugawana kudzachitikira kwa agogo a Tadala Loweruka lotsatira katundu akafika, avomera kale kuti adzaonetsa basketweave ndi Bargello kwa amene adzabwere. Aliyense adzatenge singano yake ndi sizasi.

Nambewe, Zingwangwa:
Ndilembeni theka la mita. Ya 10.

Nagama:
Inenso ya 10, masamu ake ndawaona kale.

Agogo a Tadala:
Ya 12 ikanakhala bwino, ana inu. Pa ya 10 chambo chimatuluka ngati njerwa.

Make Yamikani, Bangwe:
Ya 12 pa khushoni yomwe ija ndi masitichi 36,864 agogo, ndawerengera ndekha a Nagama asanadzuke. Tiyeni tivote. Amene mukufuna ya 10 lembani 10, a 12 lembani 12.

Mlonda wa Usiku:
Ine 7 ya pulasitiki, mapepala asanu, ngati mayiwo angaipeze.

Abiti a ku Ndirande:
12. Ndili mbali ya agogo.